Mmisiri Amene Anakagona M'nyumba Yomwe Anajambula: Phunziro Kuchokera pa Ntchito ya Ernő Goldfinger

Kumayambiriro kwa chaka cha 1968, mabanja amene anali atangolowa kumene m'nyumba yosanja ya Balfron Tower, kum'mawa kwa mzinda wa London, analandira anansi odabwitsa. Anali bambo wa zaka 65 ndi akazi awo. Awiriwa anali ndi nyumba yawoyawo yabwino kudera la anthu opeza bwino la Hampstead, koma anasamukira mu fulati nambala 130, pafupi ndi nsonga ya nyumba yosanjayo, ndipo anakhalamo miyezi iwiri akulipira lendi. Bamboyo anali a Ernő Goldfinger, katswiri amene anajambula mapulani a nyumbayo. Anabwera kudzaona okha ngati zimene analemba papepala zinali zoti munthu n'kukhalamo.

Mbiri ya ntchito ya katswiriyu ili ndi phunziro kwa makhansala, ogwira ntchito m'nthambi za mapulani ndi zomangamanga, komanso achinyamata amene akulingalira zophunzira luso lojambula nyumba. Phunzirolo ndi lakuti nyumba yosanja yokhalamo anthu siitha kumangidwa pa tsiku loitsegulira. Kuti ikhale mudzi wabwino kapena malo oopsa zimadalira mbali zitatu: wojambula mapulani, khonsolo imene ikuisamalira, ndi anthu okhalamo. Nyumba ziwiri zazikulu za a Goldfinger zikuonetsa zimene zimachitika mbali imodzi ikafooka.

Njira yaitali yofikira pa nyumba yosanja

A Goldfinger anabadwira mumzinda wa Budapest, m'dziko la Hungary, pa 11 Seputembala 1902, m'banja limene linkachita malonda a nkhalango ndi macheka a matabwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anapita ku Paris kumene anakaphunzira luso lojambula nyumba pasukulu ya École des Beaux-Arts. Mphunzitsi amene anawaumba kwambiri anali Auguste Perret, katswiri wodziwika pa kamangidwe ka konkire yolimbitsidwa ndi zitsulo. Kwa Perret anaphunzira kuti mizati ndi mitanda imene yanyamula nyumba si zinthu zochititsa manyazi zoti n'kuzibisa ndi zokongoletsa, koma ziyenera kuoneka, kuti wodutsa aliyense athe kuzindikira chimene chaimika nyumbayo.

Atakwatira mayi Ursula Blackwell a ku England, anasamukira ku London m'chaka cha 1934. Kwa zaka zambiri ntchito zawo zinali zazing'ono: mipando, mkati mwa masitolo, sitolo ya zidole za ana, ndi nyumba za mabanja. M'chaka cha 1939 anamaliza nyumba zitatu zogundizana mumsewu wa Willow Road ku Hampstead, ndipo banja lawo linatenga yapakati. Nkhondo yachiwiri itatha anajambula masukulu a pulayimale ku Putney ndi ku Hammersmith, kenaka maofesi akuluakulu a boma ku Elephant and Castle. Ntchito yojambula Balfron Tower anapatsidwa atapitirira kale zaka 60.

Wachinyamata amene akufuna luso limeneli azindikirepo kanthu apa. Munthu amene anadzajambula nyumba ya mabanja oposa 200 anayamba n'kuyeza kutalika kwa mpando, kukula kwa chitseko, ndi pamene dzanja la mwana lingafike. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Zaka zonse zija za ntchito zazing'ono ndizo zinachititsa kuti, atafika pa nyumba zazitali, asaiwale kuti mkati mwake mudzakhala anthu ophika, ochapa ndi olera ana.

Chifukwa chimene London inamangira cham'mwamba

Mabomba a nkhondo yachiwiri anagumula nyumba zambiri mu London, makamaka madera oyandikana ndi madoko monga Poplar. Nyumba zambiri zimene zinatsala zinali zakale, zachinyontho, zothinana, ndipo zina zinalibe bafa kapena chimbudzi chamkati. Udindo wopezera mabanja amenewa pokhala unali m'manja mwa makhonsolo. Malo mumzinda anali ochepa, ndipo anthu ankafuna kukhala pafupi ndi kumene ankagwira ntchito.

Panalinso chifukwa cha ndalama. Lamulo limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1956 linkapatsa khonsolo thandizo lokulirapo kuchokera kuboma ikamanga nyumba yotalika kwambiri. Choncho makhonsolo ambiri anathamangira nyumba zosanja, ena mwanzeru, ena mongotsata ndalamazo. Khonsolo ya London County Council ndiyo inapereka ntchito ya Balfron kwa a Goldfinger, ndipo pamene khonsoloyo inalowedwa m'malo ndi Greater London Council m'chaka cha 1965, khonsolo yatsopanoyo ndiyo inamanga nyumbayo. Inatha m'chaka cha 1967, yotalika mamita 84, ili ndi mafulati 146, kutanthauza nyumba zokhalamo mabanja paokhapaokha.

A Goldfinger ankakhulupirira kuti phindu lomanga cham'mwamba ndi kumasula nthaka. Mabanja akakhala mosanjikizana, pansi pamatsala malo a mitengo, mabwalo a masewero ndi zipangizo zothandiza anthu onse. Kwa iwo, nyumba yaitali yopanda malo otere pansi pake inali yotaya cholinga chake.

Mmene anaganizira za moyo wa mkati

Aliyense woona Balfron kapena mng'ono wake Trellick amayamba waona kansanja kowonda kamene kaima pambali pa nyumba yaikulu, kolumikizidwa nayo ndi timilatho. M'kansanjako a Goldfinger anaikamo zonse zaphokoso ndi zafungo: zikepe, masitepe, mipata yotayiramo zinyalala, zipinda zochapira, ndi makina otenthetsera madzi pamwamba penipeni. Anachita zimenezi kuti munthu wogona m'chipinda chake asamamve chikepe chikukwera ndi kutsika usiku wonse.

Timilathoto sitili pa nsanjika iliyonse, koma pa nsanjika yachitatu iliyonse. Munthu akatsika chikepe amawoloka kamlatho n'kulowa m'njira yaitali ya mkati. Panjirapo pali zitseko za mafulati a nsanjika zitatu: ena amalowa molunjika, ena amakwera masitepe a mkati mwa nyumba yawo, enanso amatsika. Kamangidwe kameneka kali ndi mapindu atatu. Chikepe chimaima malo ochepa, choncho chimafulumira. Mabanja ambiri amakumana panjira imodzi, choncho amadziwana. Ndipo mafulati a nsanjika zopanda njirayo amatambalala kuchokera mbali ina ya nyumba kukafika mbali inzake, motero amalandira kuwala ndi mpweya kuchokera uku ndi uku.

Zinthu zazing'ono nazo sanazinyozere. Mawindo anawakonza oti azitembenuzika, kuti munthu wa pa nsanjika ya 20 athe kutsuka kunja kwa galasi ali mkati. Zitseko zinali zotakata mokwanira kudutsitsa ngolo ya mwana. Fulati inali ndi khonde lakelake. Nyumba yonse inamangidwa ndi konkire yothiridwa pamalo pomwepo, yomangana ndi zitsulo kuyambira pamaziko mpaka pamwamba.

Miyezi iwiri ya kumvetsera

Ali mu fulati nambala 130, a Goldfinger ndi akazi awo ankaitana anansi awo, gulu ndi gulu, kuti adzacheze ndi kunena zimene zikuwasangalatsa ndi zimene zikuwavuta. Mayi Ursula ankalemba zimene anthuwo ankanena. Ena mwa olemba nkhani ankati kumeneku kunali kudzionetsera chabe, popeza patatha miyezi iwiri banjalo linabwerera ku Hampstead. Mawu amenewo anali ndi mbali yake yoona, chifukwa kukhala miyezi iwiri n'kosiyana ndi kulerera ana pamalopo zaka makumi awiri. A Goldfinger ankadziwikanso kuti anali munthu waukali, wovuta kugwira naye ntchito. Komabe pa nkhani iyi anachita chimene amisiri ambiri a nthawiyo sanachite.

Chimodzi mwa zimene anaona chinali chakuti zikepe ziwiri sizinkakwanira nyumba yotalika chonchi. Chimodzi chikawonongeka, kapena banja lina likamasamutsa katundu, anthu onse ankadalira chimodzi chotsalacho. Papepala, chiwerengero cha zikepe chimaoneka ngati nkhani ya masamu ndi ndalama. Kwa gogo wokhala pa nsanjika ya 24, chimasankha ngati atuluke m'nyumba tsiku limenelo kapena ayi. Nyumba yotsatira ya a Goldfinger, Trellick Tower, inapatsidwa zikepe zitatu.

Ngozi imene inasintha maganizo a anthu

Pa 16 Meyi 1968, patangopita nthawi yochepa a Goldfinger atachoka ku Balfron, gasi anaphulika m'fulati ina pa nsanjika ya 18 ya Ronan Point, nyumba yosanja ya khonsolo ina kum'mawa komweko kwa London. Ngodya imodzi ya nyumbayo inagumuka kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo anthu anayi anamwalira. Nyumbayo sinali ya a Goldfinger, ndipo kamangidwe kake kanali kosiyana: inamangidwa ndi zipupa za konkire zoumbidwira kufakitale, zongosanjikizidwa ndi kulumikizidwa pamalopo. Chipupa chimodzi chitakankhidwa, zonse zimene chinanyamula zinatsatira.

Ngoziyo inachititsa kuti malamulo a zomangamanga akhwimitsidwe, koma inachititsanso kuti anthu ayambe kuda nyumba zosanja zonse, zomangidwa bwino ndi zomangidwa mwachinyengo zomwe. Trellick Tower, imene Greater London Council inaitanitsa m'chaka cha 1966, inayamba kumangidwa m'chaka cha ngozicho kudera la North Kensington, kumadzulo kwa mzindawo. Pamene inkatsegulidwa m'chaka cha 1972, yotalika mamita 98, ya nsanjika 31 ndi mafulati 217, mitima ya anthu inali itatembenuka kale. Pansi pake a Goldfinger anajambulapo masitolo, chipatala chaching'ono, nyumba zazifupi ndi nyumba yosungirako okalamba, kuti dera lonse likhale mudzi wokwanira.

Chitseko chopanda mlonda

Vuto lalikulu la Trellick silinachokere mu konkire. A Goldfinger anafuna kuti pakhomo lalikulu pakhale munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira olowa ndi otuluka, koma khonsolo inakana. Nyumba ya mabanja 217 inatsegulidwa khomo lake lili pululu usana ndi usiku, aliyense wodutsa mumsewu n'kumalowa mmene wafunira.

Zotsatira zake sizinachedwe. Zipinda zoyanikira zovala zinawonongedwa. Pa nyengo ya Khirisimasi ya 1972, anthu osokoneza anatsegula madzi ozimitsira moto, madziwo anasefukira m'zikepe, ndipo mabanja anakhala masiku a chikondwerero opanda magetsi, madzi ndi zotenthetsera nyumba, m'nyengo yozizira kwambiri. Chaka chotsatira mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse, ndipo makina otenthetsera madzi amene ankayendera mafuta, pamwamba pa kansanja kaja, anasiya kukhala aphindu. M'zaka zotsatira masitepe ndi njira za mkati zinasanduka mobisalira akuba ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Anthu anachitidwa chipongwe, manyuzipepala anayamba kuitchula kuti nsanja ya zoopsa, ndipo mabanja ambiri ankapempha kuti asamutsidwe.

Anthu ambiri analoza chala wojambula. Ntchito zikuluzikulu zinasiya kubwera, ndipo a Goldfinger anapuma pantchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, dzina lawo litada. Komatu walira mvula walira matope. Khonsolo imene yasankha kusanjikiza mabanja mazana awiri pamalo amodzi yasankhanso kulipira mlonda, wokonza zikepe, wosesa, ndi wochotsa zinyalala kwa zaka zonse zimene nyumbayo idzaime. M'nyumba yapansi, mpopi ukawonongeka limavutika ndi banja limodzi. M'nyumba yosanja, pampu imodzi ikafa, madzi amasowa kwa onse nthawi imodzi.

Chimene chinaipulumutsa

Kusintha kunayamba ndi okhalamo. M'chaka cha 1984 anakhazikitsa bungwe lawo ndipo anayamba kukankha akuluakulu ndi mawu amodzi. Pakhomo panaikidwa chitseko chokhoma chokhala ndi makina olankhulira ndi mwini fulati, ndipo m'chaka cha 1987 panalembedwa woyang'anira pakhomo, chinthu chimene wojambula anapempha pachiyambi pomwe. Nthawi imeneyo Greater London Council inali itathetsedwa, m'chaka cha 1986, ndipo nyumbayo inali m'manja mwa khonsolo ya Kensington and Chelsea.

Palibe chipupa chimene chinagumulidwa kuti mtendere ubwerere. Konkire inali yomweyo, zikepe zinali pamalo pomwepo. Chimene chinasintha ndi kasamalidwe. Upandu unachepa, ndipo anthu anayambanso kuona zimene zinalipo kuyambira kale: zipinda zazikulu, kuwala kochuluka, ndi makonde oonera mzinda wonse. A Goldfinger anamwalira pa 15 Novembala 1987, ku nyumba yawo ya ku Willow Road, asanaone dzina lawo likuyeretsedwa. M'chaka cha 1998 boma linaika Trellick Tower m'kaundula wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha kufunika kwake, ndipo mafulati ake ambiri akadali a lendi yotsika, okhalamo anthu wamba.

Balfron inayenda njira ina. Nayo inaikidwa m'kaundula womwewo m'chaka cha 1996, koma inali itakalamba ndipo inkafuna ndalama zambiri zokonzera. Itachoka m'manja mwa khonsolo, alendi ake anasamutsidwa kuti ikonzedwe, ndipo pamapeto pake mafulatiwo anaikidwa pamsika wa anthu odzilipirira okha. Nyumba inapulumuka, koma mabanja amene inamangidwira sanabwereremo. Pamene ndalama zokonzera sizinasungidwe pang'onopang'ono, ngongole yake imadzalipidwa ndi osauka, ndipo malipiro ake ndi kuchoka.

Chenjezo lowawa koposa lili pafupi ndi Trellick, m'dera la khonsolo yomweyo. Pa 14 Juni 2017 moto unagwira Grenfell Tower, nyumba yosanja imene sinajambulidwe ndi a Goldfinger, ndipo anthu 72 anamwalira. Motowo unafalikira mofulumira kudzera m'zophimba zimene zinaikidwa kunja kwa makoma pokonzanso nyumbayo, ndipo okhalamo anali atadandaulapo kale za chitetezo cha moto. Mawu a alendi akanyozedwa m'nyumba yosanja, chimene chimatayika chikhoza kukhala moyo.

Mfundo zoyenera kusunga

Choyamba, mtengo weniweni wa nyumba yosanja ndi womanga kuphatikiza wosamalira. Khonsolo isanavomereze mapulani, iyenera kufunsa kuti ndani adzakonza zikepe, zipangizo zake zidzachokera kuti, madzi adzakwera bwanji magetsi akazima, ndipo ndalama zake zili pa mzere uti wa bajeti. Ngati mayankho palibe, ndi bwino kumanga nsanjika zochepa zimene munthu angakwere ndi miyendo.

Chachiwiri, zimene wojambula waika pofuna chitetezo ndi kasamalidwe si zokongoletsa zoti n'kudula ndalama zikachepa. Malipiro a woyang'anira pakhomo anali aang'ono poyerekeza ndi mtengo wa Trellick yonse, koma kusowa kwake kunavutitsa mabanja zaka khumi ndi zisanu.

Chachitatu, kutalika kwa nyumba pakokha sikunena ngati ili yolimba. Ronan Point ndi Balfron zinamangidwa m'zaka zofanana, mumzinda umodzi. Ina inagumuka ngodya ndipo inagwetsedwa m'chaka cha 1986, inayo ikadali chiimire. Kusiyana kunali m'kamangidwe ndi m'kayenderedwe ka ntchito. Woyendera zomangamanga amene amakana kusaina ntchito yokayikitsa amateteza anthu amene mwina sadzamudziwa n'komwe.

Chachinayi, okhalamo ndi akatswiri a nyumba yawo. Amadziwa chitseko chimene sichitsekeka, paipi imene ikudontha, ndi ngodya imene ana amaopa kudutsa. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la alendi liyenera kukhazikitsidwa pamene anthu akulowa, osadikira kuti zinthu zifike poipa, ndipo madandaulo ake azilembedwa ndi kuyankhidwa.

Chachisanu n'cha wojambula mwini. Ntchito yake siithera pa kupereka mapepala. Afunika kubwerera, kukwera chikepe chimene anawerengera, kuima panjira imene anajambula, ndi kumva kwa anthu pamene analakwitsa, kuti nyumba yotsatira ikhale yabwinoko. A Goldfinger anali ndi zofooka zawo, koma chikepe chachitatu cha ku Trellick ndi umboni wakuti anafunsa ndipo anamva.

Mafunso okambirana m'makomiti

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zinavuta ku Trellick Tower chifukwa cha mapulani, ndipo ndi ziti zimene zinavuta chifukwa cha kasamalidwe?

2. Pamene mapulani a nyumba ya nsanjika zingapo afika pamaso pa komiti, ndi mafunso ati okhudza madzi, magetsi, moto ndi zinyalala amene ayenera kuyankhidwa chilolezo chisanaperekedwe?

3. Kodi alendi a m'nyumba, m'misika ndi m'masitolo a khonsolo ali ndi njira yodziwika yoperekera madandaulo, ndipo ndani amaonetsetsa kuti ayankhidwa?

4. Nyumba ya khonsolo ikakalamba n'kufuna kukonzedwa, pangachitike chiyani kuti anthu amene inamangidwira asachotsedwemo?